Abakha a ku Anaheim atenge mnyamata wa ku Sweden

Pa 8 May 2023 anthu okonda timu ya Anaheim Ducks ku California anagona osadya. Timu yawo inali itathera kunsonga ya pansi pa ligi ya NHL, ndipo chimene chinkawapukuta misozi miyezi yonse yogonjayo chinali chimodzi: kuti akathera pansi, mwina adzakhala oyamba kusankha mnyamata pa chisankho cha mu June. Mayere atachitika, mwayi woyamba unagwera Chicago Blackhawks. Anaheim inatsala ndi wachiwiri. Chisankhocho chinali cha pa 28 ndi 29 June 2023 mumzinda wa Nashville, ndipo ife, polemba izi chisanachitike, tikuti Anaheim itenge Leo Carlsson, ngakhale ambiri olemba zamasewerowa akuloza munthu wina.

Tikudziwa kuti ena mwa inu mukamva hockey mukuganiza ya pabwalo imene imaseweredwa ku Blantyre. Iyi ndi mbale wake, koma imaseweredwa pa ayezi. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chopyapyala kupansi, amatsetsereka mwaliwiro loopsa, ndipo m'malo mwa mpira amamenya kamphira kakuda kophwatalala. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 6 m'bwalo: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri, ndi akutsogolo atatu. Mwa atatuwa, wapakati ndiye msana wa timu, chifukwa amayambitsa nkhondo kutsogolo komanso amabwerera kukathandiza kumbuyo. Wosewera amapeza pointi akamwetsa chigoli kapena akapatsira mnzake amene wamwetsa. Musunge zimenezi, chifukwa mkangano wonse wagona pa mapointi ndi pa osewera pakati.

Chachilendo kwa ife amene tinakulira pa mpira wamiyendo ndi mmene matimu amapezera achinyamata. Kuno timu ikathera pansi pa Super League imatuluka, ndipo mnyamata akawala pa timu yaing'ono sachedwa kuvala yunifolomu ya Bullets kapena Wanderers. Ku NHL kulibe kutuluka mu ligi. Matimu ndi 32, onse ali ndi malire a ndalama zimene angalipire osewera, omwe mu 2022-23 anali madola 82.5 miliyoni, ndipo achinyamata a zaka 18 sagulidwa pamsika. Amagawidwa pa mwambo umene eni ake amautcha draft, pomwe matimu amasankha mosinthana, kuyambira amene sanachite bwino mpaka amene watenga chikho. Pofuna kuti matimu asamagonje mwadala, malo awiri oyambirira amachitira mayere. Anaheim inali ndi mwayi wa 25.5 pa 100 woti iyambe kusankha, Chicago 11.5 pa 100. Mayere salemekeza masamu.

Chimene anthu a ku Anaheim amalira ndi Connor Bedard, mnyamata wa ku Canada amene anamwetsa zigoli 71 ndi kupeza mapointi 143 m'masewero 57 pa timu ya achinyamata ya Regina Pats. Za iye palibe chokambirana. Chicago imutenga, ndipo nkhani yake yathera pomwepo. Nkhani yeniyeni ikuyambira pa dzina lachiwiri.

Tiyambe taona bala la timuyi. Pa masewero 82, Anaheim inapambana 23 okha ndipo inatsiriza ndi mapointi 58. Inamwetsa zigoli 209, n'kumwetsedwa 338, zochuluka kuposa timu ina iliyonse. Masewero 13 otsiriza inagonja onse. Goloboyi wawo John Gibson ankakhala ngati munthu woima yekha pamvula ya matalala, chifukwa adani ankaponya ku golo lake pafupifupi ka 39 pa sewero lililonse. Mphunzitsi wa timuyi Dallas Eakins sanamuwonjezere kontrakiti, ndipo m'malo mwake munalowa Greg Cronin mu 2023. Timu imene inatenga chikho cha Stanley Cup mu 2007 pofika 2023 inali isanafikenso ndime ya mpikisano wachikho kuyambira 2018.

Munthu akaona zigoli 338 zija amafulumira kunena kuti atenge wotchinga kumbuyo, ndipo alipo wabwino, David Reinbacher wa ku Austria, amene mu 2023 ankasewera mu ligi ya akuluakulu ku Switzerland. Koma nkhokwe ya kumbuyo ndi yodzaza kale. Mu 2023 maligi onse atatu akuluakulu a achinyamata ku Canada anapereka mphotho ya wotchinga kumbuyo wabwino koposa kwa anyamata amene Anaheim inawasankha kale: Pavel Mintyukov, Olen Zellweger ndi Tristan Luneau. Mu 2023 panalinso Jamie Drysdale, amene anavulala phewa n'kusewera masewero 8 okha. Mbewu yabzalidwa, ikungodikira kucha. Chimene palibe ndi munthu wokhala pa mpando umene Ryan Getzlaf anausiya pamene anapuma mu 2022: wapakati wamkulu thupi, wodekha, amene anzake amasewera bwino akakhala pambali pake. Chichokereni iye, timuyi inasewera chaka chonse cha 2022-23 popanda kaputeni.

Ambiri akuti mpando umenewu ndi wa Adam Fantilli, ndipo sitingawanene kuti akulota. Fantilli ndi wa ku Ontario, ndi wamtali, ndi waliwiro, saopa kugundana ndi munthu, ndipo chaka chake choyamba pa University of Michigan wapeza mapointi 65 m'masewero 36, zigoli 30 ndi zopatsira 35. Wapatsidwa mphotho ya Hobey Baker, imene imapita kwa wosewera wabwino koposa m'makoleji onse a ku America. Ophunzira a chaka choyamba amene anailandirapo iye asanabwere ndi awiri okha, Jack Eichel mu 2015 ndi Paul Kariya mu 1993. Dzina la Kariya limagwedeza mitima ku Anaheim, chifukwa ndiye mnyamata woyamba amene timuyi inasankha itangobadwa mu 1993, ndipo anakhala nyenyezi yawo kwa zaka zambiri. Onjezerani apo mamendulo awiri agolide ndi timu ya dziko la Canada, ya achinyamata mu January ndi ya akuluakulu mu May, kumene anamwetsa chigoli chokongola chimene chinagwetsa Latvia mu semifainolo. Munthu wa zaka 18 angachitenso chiyani kuti akhulupiriridwe?

Pambali pa zimenezi, ziwerengero za Carlsson zimaoneka zaumphawi. Pa timu ya Örebro ku Sweden wamwetsa zigoli 10 ndi kupeza mapointi 25 m'masewero 44. Mukaika 65 ndi 25 patebulo limodzi, ngakhale mwana wa Sitandade 3 akuuzani wamkulu.

Apa ndi pamene ife amene tikuphunzira zauphunzitsi timakana. Phunziro limodzi limene amatibwerezera pa nkhani yoyesa ophunzira n'lakuti malikisi satanthauza kanthu mpaka utadziwa mayeso amene anachokera. Mwana wopeza 85 pa mayeso a kalasi yake ndi mnzake wopeza 60 pa pepala la kalasi yapamwamba sungawaike pa mzere umodzi n'kuwerenga kuchokera pamwamba. Fantilli analemba pepala la koleji. Si pepala la ana ayi, popeza m'makoleji a ku America muli anyamata ena a zaka 23 ndi 24, koma ambiri mwa iwo akatsiriza maphunziro amakafuna ntchito zina. Carlsson analemba pepala la SHL, ligi yaikulu ya ku Sweden, imodzi mwa zolimba kwambiri kunja kwa NHL. Kumeneko amasewera ndi abambo a ndevu zawo amene hockey ndiyo imadyetsa ana awo, ena mwa iwo anasewerako ku NHL. Zigoli zimasowa, matimu amatchinga mwadongosolo, ndipo mphunzitsi amene ntchito yake ili pachiswe sakonda kupereka mphindi zambiri kwa mwana wa zaka 17. Carlsson anakwanitsa zaka 18 pa 26 December, chaka chamasewero chili pakati. Kuti mnyamata wotere apatsidwe malo okhazikika, kenako n'kupeza mapointi 9 m'masewero 13 a ndime yachikho, pomwe masewero amalimba kuposa nthawi zonse, si chinthu chimene chimachitika chaka ndi chaka.

Mwamwayi, mu May onse awiri analemba pepala limodzi. Pa mpikisano wa dziko lonse wa akuluakulu umene unachitikira ku Tampere ndi ku Riga, Fantilli anapita kwawo ndi golide, pamene Sweden inatulutsidwa ndi Latvia mu kotafainolo. Koma mendulo ndi ya timu. Funsani ntchito imene aliyense anapatsidwa. Canada inamugwiritsa ntchito Fantilli mosamala, ndipo anatsiriza ndi chigoli chimodzi. Sweden inamuika Carlsson pakati, pamzere umodzi ndi Lucas Raymond wa Detroit Red Wings, ndipo anamwetsa zigoli zitatu. Sitikunena kuti masewero ochepa otere akutha mkangano. Canada ili ndi osewera ambiri, choncho mnyamata amavutika kupeza malo. Koma zinayankha funso limodzi limene linkamutsata Carlsson chaka chonse. Ku Örebro ankasewera kwambiri chakumbali, ndipo anthu ankakayikira ngati angakwanitse pakati akakumana ndi akuluakulu. Anakwanitsa.

Ife amene timaonera timavidiyo tamphindi zochepa pa foni, popeza masewero a ku California amayamba kuno kukucha, tiyenera kuvomereza kuti timavidiyoti timakondera anthu ngati Fantilli. Iye amatenga kamphira, amadutsa anthu awiri, amaponya, ndipo zonse zimakwana m'masekondi 10. Ubwino wa Carlsson suoneka msanga. Amachedwetsa sewero pamene ena akuthamanga, amateteza kamphira ndi thupi lake lalitali, amadikira mpaka wotchinga atasuntha phazi, kenako amapatsira pamalo pamene mnzake sanafike koma afika. Zoterezi zimaoneka ukaonera sewero lonse. Ndipo Anaheim ili nawo kale anthu odzaza timavidiyo. Trevor Zegras, amene mu December 2021 ananyamula kamphira pandodo ali kuseri kwa golo n'kukaponya pamwamba pa golo kuti mnzake Sonny Milano akamenyere m'mwamba, anatsogolera timuyi ndi mapointi 65 mu 2022-23. Alipo Troy Terry, alipo Mason McTavish amene anasankhidwa pa nambala 3 mu 2021. Zokometsera zilipo zambiri m'khitchini imeneyi. Chikusowa ndi ufa.

Anaheim inaimapo kale pamalo ano. Mu 2005 mayere anatsala ndi matimu awiri, Pittsburgh ndi Anaheim, ndipo mphotho inali Sidney Crosby. Pittsburgh inapambana. Anaheim, pa nambala 2, inatenga Bobby Ryan, mnyamata womwetsa zigoli mu ligi ya achinyamata ya ku Ontario. Sanali cholakwika. Anamwetsa zigoli zoposa 30 zaka zinayi zotsatizana asanatumizidwe ku Ottawa mu 2013. Koma pa nambala 11 chaka chomwecho, aneba awo a Los Angeles Kings anatenga wapakati wamtali wa ku Slovenia amene ankasewera ku Sweden, Anze Kopitar. Iye anawatsogolera ku zikho ziwiri, mu 2012 ndi 2014, analandira kawiri mphotho ya wakutsogolo wodziwa kutchinga, ndipo mu 2023 anali akadali kaputeni wawo, patapita zaka 18. N'zoona kuti matimu 10 anamudumpha, osati Anaheim yokha, ndipo nzeru za pambuyo n'zotchipa. Komabe anthu a ku Anaheim akhala akumuona munthu ameneyu akuwavutitsa kangapo chaka chilichonse, ndipo safunika kuuzidwa mtengo wa wosewera wamtundu wake.

Mbiri ya draft ili ndi manda ambiri a ziwerengero zokongola. Nail Yakupov anamwetsa zigoli 49 chaka chake choyamba pa timu ya achinyamata ya Sarnia, Edmonton inamutenga pa nambala 1 mu 2012, ndipo pofika 2018 anali atabwerera ku Russia osamwetsapo zigoli 20 chaka chimodzi ku NHL. Sitikuti Fantilli ndi Yakupov wina. Angakhale wosewera wabwino kwa zaka 15, ndipo tingadabwe akalephera. Tikungoti 65 ija isatseke maso a munthu amene akusankha.

Pali mayina ena awiri amene akutchulidwa. Will Smith, osati wa mafilimu uja, anatsogolera America ku golide pa mpikisano wa anyamata osapitirira zaka 18 mu April ndi mapointi 20 m'masewero 7. Ndi waluso, koma luso lake likufanana ndi la Zegras, ndipo pofika 2023 anali asanayesedwepo ndi akuluakulu. Winayo ndiye amatisowetsa mtendere. Matvei Michkov wa ku Russia mwina ndiye yekha amene luso lake lomwetsa zigoli limayandikira la Bedard. Mu 2021, ali ndi zaka 16, anamwetsa zigoli 12 m'masewero 7 pa mpikisano womwewu wa osapitirira zaka 18. Mu 2022-23, atabwerekedwa ku timu yofooka ya Sochi mu ligi ya akuluakulu ya KHL, anapeza mapointi 20 m'masewero 27. Ngati tikulemekeza pepala lovuta, ndiye kuti iye walemba lovuta ngati la Carlsson ndipo wakhoza kuposa. Vuto lake si la m'bwalo. Mu 2023 anali ndi kontrakiti ndi SKA ya ku St Petersburg yoti ithe mu 2026, ndipo chiyambireni nkhondo ya ku Ukraine mu February 2022, Russia inaletsedwa pa mipikisano ya mayiko, moti ofufuza osewera ambiri sanamuone ndi maso awo kwa nthawi yaitali. Timu yokhala ndi mwayi wa nambala 7 kapena 8 ingathe kudikira zaka zitatu. Timu imene yatha zaka zisanu ikuuza ochemerera ake kuti apirire singatero mosavuta. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zikutimvetsa chisoni kuti mnyamata akulipira mlandu wa akuluakulu a dziko lake, koma tikanakhala pampando wosankha, nafenso tikanamudumpha.

Mbali yathu ili ndi zofooka zake, ndipo sitizibisa. Mabwalo a ku Sweden ndi otambalala, mamita 30, pamene a NHL ndi pafupifupi mamita 26. Kusiyana kwa mamita anayi kumaoneka kochepa, koma kumachotsa kanthawi kaja kamene wosewera wodekha amadalira. Fantilli wakulira pa bwalo lopapatiza ndipo amathamanga kuposa Carlsson. Ngati funso ndi lakuti ndani adzathandize kwambiri mu October 2023, yankho mwina ndi Fantilli. Koma timu imene yamwetsedwa zigoli 338 sikuyembekezera chikho mu 2024, kaya itenge ndani. Mutu umodzi susenza denga. Ikusankha munthu amene adzakhale pachimake pamene Mintyukov ndi Zellweger adzakhale atakhwima, chakuma 2027 uko. Liwiro la miyendo limawonjezereka ndi maphunziro ndiponso thupi likakhwima. Kuona bwalo lonse nthawi imodzi n'kumene makochi amavutika kuphunzitsa.

Palinso kanthu kena kamene sitikanakatchula pakanakhala kuti mwini wake sakalankhula poyera. Carlsson ali ndi chibwibwi. Chisankho chisanachitike, matimu amaitana anyamatawa mmodzimmodzi mumzinda wa Buffalo n'kuwafunsa mafunso m'chipinda chodzaza akuluakulu, m'Chingelezi, chomwe kwa iye ndi chilankhulo chachiwiri. Aliyense amene anakhalapo m'kalasi amadziwa mmene mphunzitsi amakopekera ndi mwana woyankha msanga, n'kuiwala wina wapakona amene yankho ali nalo koma likuchedwa kutuluka. Ngati pali timu imene ingamutsitse chifukwa cha zimenezi, idzakhala itayesa chinthu chimene sichilowa m'bwalo.

Nanga mwini chisankho akuganiza zotani? Pat Verbeek, amene wakhala akuyendetsa timuyi kuyambira February 2022, salankhula zambiri. Amene akuti atenga Fantilli amaloza mmene iye mwini ankasewerera: munthu wamfupi, waukali, amene anamwetsa zigoli 522 ndi kukhala pa benchi ya chilango mphindi pafupifupi 3,000. Munthu wotere, akutero, angakonde mnyamata wogunda anthu. Ife tikuloza kumene anaphunzirira ntchito. Asanabwere ku Anaheim anali wachiwiri kwa Steve Yzerman ku Detroit, ndipo mu 2019 timu imeneyo inadabwitsa aliyense potenga Moritz Seider pa nambala 6, mnyamata wa ku Germany amene ziwerengero zake zinali zochepa chifukwa ankasewera ndi akuluakulu ku Mannheim. Anthu anaseka. Mu 2022 Seider analandira mphotho ya wosewera watsopano wabwino koposa mu NHL. Mu 2020 Detroit inatenga Raymond ku Sweden, mu 2021 inatenganso Simon Edvinsson ku Sweden komweko. Munthu amene anakhala m'zipinda zimene zisankho izi zinapangidwira sachita mantha ndi 25 ya ku SHL.

Akatenga Fantilli, palibe amene adzamudzudzule usiku umenewo, ndipo yeso lake lagona pomwepo. Dzina limene aliyense akuyembekezera limateteza wosankha: likalephera, onse analakwitsa limodzi. Akatenga Carlsson, Columbus Blue Jackets, imene ili pa nambala 3, idzathamangira Fantilli, yemwe wasewera chaka chonse m'chigawo choyandikana nacho cha Michigan, ndipo chigoli chilichonse chimene adzamwetse kumeneko chidzawerengedwa ngati mlandu wa Verbeek. Chaka choyamba mlanduwo ungakule ndithu, makamaka ngati Anaheim ingachite chimene ife tikufuna, chomwe ndi kusamusenzetsa mnyamatayo masewero onse 82 nthawi imodzi, pomwe wazolowera ligi ya masewero 52. Amusiye ku Örebro chaka china, kapena amubweretse koma azimupumitsa. Ochemerera adzadandaula, ndipo manyuzipepala adzaika ziwerengero za awiriwa pambalipambali sabata iliyonse.

Dzina loyamba likadzatchulidwa ku Nashville, kuno kudzakhala pakati pausiku, kucha kwa Lachinayi pa 29 June 2023. Bedard adzavala malaya ofiira a Chicago, adzajambulidwa, ndipo patapita mphindi zochepa Verbeek adzakwera pansanja. Angapo mwa ife tasonkherana kale ndalama ya bando ya usiku umenewo, ndipo mnzathu mmodzi amene akuumirira kuti adzakhala Fantilli wavomera kuti akalakwitsa adzatichapira mbale sabata yathunthu.